Mapazi Ofiira M'chipinda cha a Choncho

Lachisanu m'mawa, Sajeni asanakoleke n'komwe chipewa chake pamsomali, bwana wamkulu wa polisiyo anamuponyera fayilo patebulo.

"Iyi ndi yakupsa kale, mayi, kwatsala n'kupakula. Lipenga labedwa kunyumba kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito. Wopenta amene amagwira ganyu pamenepo anathawa dzulo masana, thumba lili paphewa. Anyamata anakamugwira pageti la chipatala, ali m'chitokosimu. Malizani mapepala, Lolemba akaonekere kukhothi."

"Lipengalo lapezeka?"

"Lipezeka nsikidzi zikamuyamba. Munthu wosalakwa sathawa."

Sajeni anatsegula fayiloyo, ndipo ataona dzina la amene anadandaula analiwerenganso kachiwiri. Anali aphunzitsi ake a kukoleji, mkulu amene ankaphunzitsa lojiki, phunziro la kaganizidwe kolongosoka. Ophunzira anawapatsa dzina loti a Choncho. Ankalemba mfundo ziwiri pabolodi, n'kujambula mzere kunsi kwake, n'kutembenuka choko chili m'mwamba, n'kufunsa kuti, "Choncho?" Kalasi yonse inkazyolika, kupatula mtsikana mmodzi amene dzanja lake silinkatsika. Mtsikanayo tsopano anali mayi wa ana awiri, wovala yunifomu, koma mawu a bwana ake akuti wosalakwa sathawa anamuyabwa m'khutu ngati mwalowa nyerere.

"Ndipatseni mpaka folo koloko, bwana."

"Folo koloko ine ndikukiya ofesi. Ikakwana, agona momwemo mpaka Lolemba."

Wopenta uja anali bambo wochepa thupi, penti yoyera ndi yofiira itadzaza m'zikhadabo. Atangoona Sajeni anagwira zitsulo za chitseko ndi manja onse awiri.

"Bwana, mkazi wanga. Chonde, foni anandilanda. Sindikudziwa ngati wachira kapena ayi. Mwana woyamba, bwana."

"Ndiuzeni zonse mwachangu, mwina mungamuone lero. Munathawiranji?"

"Sindinathawe ine, ndinathamanga. Apongozi anaimba cha m'ma wani koloko kuti matenda ayamba, mutu wanga unangobalalika. Mabulashi ndinawasiya osatsuka, ine amene sindisiya bulashi osatsuka chibadwire."

"M'thumba munali chiyani?"

"Beseni, nsalu zitatu ndi sopo. Ndinagula m'mawa popita kuntchito. Ndinadzera kunyumba kukatenga buku lake la kusikelo, kwathu n'kutali moti kuchipatala ndinafika madzulo, ndiye akuti kunyumbako n'kumene ndinakabisa lipenga. Ine lipenga ndingalitani, bwana? Ngakhale likhweru sinditha."

Sajeni anamufunsa za ntchito yake, ndipo pamenepo mawu a bamboyo anakhazikika. Lachitatu anapenta makoma a chipinda chowerengeramo. Lachinayi m'mawa anapenta pansi pake ndi penti yofiira ya mafuta, kuyambira kukhoma la kumapeto n'kumabwerera chafutambuyo mpaka pakhomo. Leveni koloko anali atamaliza, n'kupingasa thabwa pakhomopo kuti munthu asaponde.

"Imene ija siuma msanga. Ngakhale mphaka atadutsapo madzulo, mungawerenge zala zake."

"Bokosi la lipenga munaligwirapo?"

"Ndinaligwira, sindinganame. Lachitatu ndinalinyamula pashelefu kuti ndipente kuseri kwake. Koma kutsegula ayi."

"Linkalemera bwanji?"

"Kulemera? Ndinalinyamula ndi zala ziwiri izi."

Sajeni anasiya kulemba. Anayang'ana zala ziwirizo, n'kutseka kabuku kake, n'kutuluka ali liwiro kukafuna makiyi a galimoto.

A Choncho anawapeza atakhala pakhonde, ndodo ili pakati pa miyendo, magalasi akuda ali kumaso. Tsitsi linali litayera lonse, koma khosi linali chiimire ngati kale. Sajeni atangopereka moni, mkuluyo anapendeketsa mutu.

"Mawu awa ndikuwadziwa. Mzere wachiwiri, pafupi ndi windo. Wokonda kutsutsa uja."

"Ndine ndemwe, aphunzitsi."

"Ndiye atumiza munthu woganiza. Khala pansi. Maso andithawa, koma mutu ukadalipo."

Lipengalo linali la malemu akazi awo, amene anaimba m'bandi zaka makumi awiri. Chimwalirire mayiwo, zaka zisanu zapitazo, a Choncho analamula kuti bokosilo lisatsegulidwe ndi munthu aliyense. Lachisanu limeneli linali tsiku lomwe mayiwo anatsikira kulichete, ndipo n'chifukwa chake anapentetsa chipindacho. Ankafuna kuti penti ikauma alitulutse okha, alipukute ndi manja awo, aliike poonekera. Dzulo lonse, kuyambira eyiti koloko mpaka folo, anali kuchipatala cha maso ndi mwana wawo wotsiriza, amene aliyense ankangomutchula kuti Mzime. Panyumba anasiya alamu awo, mlongo wa malemuwo, amalume ake a Mzime, kuti ayang'anire ntchito.

Amalumewo sanadikire kuitanidwa. Anatulukira pakhomo mimba ili patsogolo, malaya osita bwino, tsitsi lakuda bii.

"Lembani, mayi wapolisi, lembani. Ine pano ndinali ngati mlonda tsiku lonse, ngakhale kukataya madzi sindinapite. Twelofu koloko ndinasuzumira pawindo la chipindacho. Bokosi lili yasa, lipenga la mlongo wanga likunyezimira. Ndinadziwiratu kuti kamnyamata kaja kalitsegula."

"Munamufunsa?"

"Ndinati ndimuone mapeto ake. Wani koloko wadutsa apa liwiro la mtondo wadooka, thumba paphewa. Pabokosi pali chala chake cha penti yoyera, kaoneni. Wakuba amathawa. Iyeyu anathawa. Mukufunanso chiyani?"

A Choncho anagogoda ndodo pansi kamodzi. "Alamu, munthu akalumidwa ndi njuchi amathamanga. Si choncho?"

"Amathamanga, nanga angaime?"

"Dzana munandiuza kuti munathamangira basi pasiteji. Zinakulumani njuchi zingati?"

"Alamu, ino si nthawi ya nthabwala."

"Si nthabwala. Mfundo zanu ziwiri zikhoza kukhala zoona zonse. Akuba amathawadi, ndipo munthu uja anathamangadi. Koma othamanga ndi ambiri kuposa akuba. Mlatho wochokera pa mfundo zanu kupita pa chigamulo chanu ndi wothyoka pakati, ndiye mwagwetsera munthu m'madzi."

Sajeni analuma mlomo kuti asaseke. Anamva ngati wabwerera pa desiki lake lija, dzanja likuyabwa kuti alikweze.

Mzime anabwera ndi tiyi pathireyi. Anali mtsikana wa zaka ngati makumi awiri ndi zisanu, wogwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, wofatsa, wolankhula dzanja lili pakamwa.

"Tinafika folo koloko. Tinapeza amalume akukalipa kuti wopenta wathawa ndi thumba."

"Ndiye munatani?"

"Ndinalumpha thabwa lija, ndinalowa, ndinatsegula bokosi. Munalibe kanthu."

"Anakuonani ndani?"

"Ababa ndi amalume anali pakhomo pomwepo."

"Anatuluka chimanjamanja, akulira," anatero amalume. "Mwana wa mlongo wanga analira ngati maliro ayambiranso."

Sajeni anamwa tiyi kamodzi kokha n'kupempha kuti aone chipindacho.

Thabwa lija linali likadali pakhomo. Chipindacho chinkanunkha penti, makoma ali mbee, pansi pali psuu, ponyezimira ngati pathiridwa madzi. Kumanzere, pafupi ndi khomo, panali tebulo lomangirira kukhoma, pamwamba pake pali kompyuta yam'manja ndi wailesi. Kukhoma la kumapeto kunali shelefu, ndipo pashelefupo panali bokosi lakuda lotsegula. Windo linali limodzi, lokhala ndi zitsulo ndi waya wotchinga udzudzu. Sajeni anazungulira panja n'kukankha wayayo ndi chala m'mbali zonse. Panalibe pong'ambika ngakhale polowa pensulo.

Atabwerera pakhomo anagwada n'kuyang'ana pansi mopendeketsa mutu, kuti kuwala kumuthandize. Mapazi analipo. Anali aang'ono, a patapata wa mizeremizere, asanu ndi awiri olowa, asanu ndi awiri otuluka. Kwina konse penti inali yosalala ngati galasi.

Sajeni anadzuka msanga. Anathamangira kukhonde, n'kuwagwira dzanja a Choncho, n'kuwakokera pakhomopo ngati mwana wofuna kuonetsa makolo chisa chimene wapeza.

"Aphunzitsi, tamverani, mundiuze pamene ndaphonya. Ngati munthu analowa muno penti itapakidwa, anasiya mapazi."

"Mfundo yoyamba. Ndaivomera."

"Mapazi alimo a munthu mmodzi yekha, a Mzime, amene analowa folo koloko inu muli pano. Choncho kuyambira leveni mpaka folo muno simunalowe munthu."

"Imeneyo yayenda bwino. Ukakana chotsatira, wakana ndi choyambitsa chomwe. Pitiriza."

"Amalume akuti twelofu koloko lipenga linalimo. Folo koloko munalibe. Kuti ziwirizi zikhale zoona, wina anayenera kulowa pakatipo. Koma tangoona kuti simunalowe munthu. Zinthu zotsutsana sizingakhale zoona nthawi imodzi. Ndiye pali amene akunama, penti kapena amalume."

A Choncho anamwetulira mpaka magalasi anakwera. "Nanga penti ili ndi chifukwa chonamira?"

Amalume anawapeza pabalaza akuwerenga nyuzi. Sajeni anaima patsogolo pawo, dzanja lili pa unyolo wa m'chiuno, n'kuwayalira nkhani ya mapazi ija mwachangu, mawu akupondana. Amalume anaika nyuzi pansi.

"Mwina sinali twelofu ndendende," anatero amalume. "Wotchi yangayi nthawi zina…"

"Munati munaona lipenga. Simunalione. Munanama, ndipo mwagonetsa munthu m'chitokosi. Wakuba ndi amene amanama kuti aphimbe mapazi ake. Inu mwanama, choncho…"

Ndodo inagogoda pansi kawiri.

"Choncho chiyani?" anafunsa a Choncho ali pakhomo.

Manyazi anamukwera Sajeni mpaka m'makutu. Akuba amanama, inde, koma onama ndi ambiri kuposa akuba. Dzenje lomwe lija anawaseka nalo amalume ndi limene iye anali atagweramo, miyendo yonse iwiri.

"Ndaphonya, aphunzitsi."

"Waphonya chifukwa chokondwa. Chimene watsimikiza n'chakuti alamu ananama, basi. Usatenge zambiri kuposa zimene mfundo zako zakupatsa. Funsa kuti ananamiranji."

Sajeni anachotsa dzanja pa unyolo n'kuwayang'ana bwinobwino amalumewo. Nsidze zawo zinali zotuwa, ndevu za m'mbali zotuwa, koma tsitsi lakuda ngati makala. Kuseri kwa khutu lamanja kunali kadontho kakuda, ndipo pakolala ya malaya panali kena.

"Amalume, tsitsili munadaya liti?"

Mkuluyo anagwira kumutu ngati wagwidwa ndi chipewa chakuba. Anayang'ana kwa alamu awo, n'kuyang'ana pansi.

"Dzulo," anatero ndi mawu aang'ono. "Ndinachoka teni koloko. Kwa ometa kunali mzere, ndiye mankhwalawo amafuna udikire agwire. Ndinabwerako thu koloko. Mayi wogulitsa zipatso pageti ndi amene anandiuza kuti wopenta wadutsa akuthamanga."

"Bwanji simunanene?"

"Ndinene kuti lipenga la mlongo wanga labedwa ine ndikudetsa imvi? Pali mayi wina wake kukwaya kwathu, wamasiye. Anandiuza kuti ndikuoneka ngati agogo ake."

A Choncho anakhosomola kuti abise kuseka. Sajeni anaimba foni kwa ometawo, ndipo anavomera kuti mkulu wa mimba uja anakhala pampando wawo kuyambira hafu teni mpaka hafu wani, akudandaula kuti mankhwala akuwotcha.

Wotchi ya pakhoma inkati thu koloko yadutsa. Sajeni anayamba kuyendayenda pabalazapo, akuwomba kabuku kake pachikhatho.

"Ndiye wopenta ndi womasuka," anatero.

"Usafulumire," anatero a Choncho. "Umboni womutsutsa wagwa, koma iye sanayere. Akanatha kulitenga m'mawa asanapake penti. Zoti bokosi linali lopepuka Lachitatu wanena ndi iye mwini, ndipo munthu sadzichitira umboni yekha."

"Koma ngati wanena zoona…" Sajeni anaima chilili. "Aphunzitsi, tonse takhala tikufunsa kuti Lachinayi uje anali kuti, uje anali kuti. Anatiuza ndani kuti lipenga linachoka Lachinayi? Lachinayi ndi tsiku limene bokosi linatsegulidwa. Lipengalo likhoza kukhala kuti linachoka sabata yatha, kapena chaka chatha."

A Choncho anawomba ndodo pansi mwamphamvu mpaka makapu analira pathireyi. "Imeneyo ndiye mfundo yobisala. Palibe anainena, koma tonse tinaimeza. Zoterozo ndi zimene zimamangitsa anthu. Tsopano taona chimene wachita. Aliyense amene ali ndi umboni wa komwe anali Lachinayi, umboniwo wasanduka pepala lokulungira mtedza. Wa alamu, wanga, wa aliyense."

Sajeni anabwerera pakhomo la chipinda chija yekha. Anayang'ananso mapaziwo. Sanakhotere kutebulo kumene kunali kompyuta ndi wailesi, zinthu zimene wakuba wothamanga angayambe kutola. Sanaime pakati ngati a munthu amene akumwazamwaza maso kuti aone chimene chasowa. Analunjika kubokosi limene linakhala zaka zisanu osatsegulidwa, n'kubwerera. Anadziwa kuti zimenezi sizinali zotseka munthu pakamwa ngati nkhani ya amalume ija. Zinkangoloza njira. Koma njirayo inali imodzi, ndipo inkapita kuseri kwa nyumba, kumene kunkamveka kukwecha kwa bulashi.

Mzime anali atanjuta pampopi, akutsuka patapata ndi palafini. Madzi ofiira ankayenderera kupita m'ngalande. Manja onse awiri anali otanganidwa, ndiye kwa nthawi yoyamba pakamwa pake panali poonekera. Pamlomo wam'mwamba, pakati penipeni, panali kachizindikiro kozungulira, kotuwa pang'ono, ngati pamene pakhala mphete.

Sajeni anakadziwa kachizindikiroko. Achimwene ake anaimba lipenga m'bandi ya apolisi zaka khumi, ndipo kunyumba ankawaseka kuti anapsompsona botolo lotentha.

Ananjuta pambali pa mtsikanayo n'kutola patapata mmodzi.

"Achemwali, mumaphunzira masiku ati?"

"Kuphunzira chiyani?"

"Kuimba lipenga."

Bulashi inagwera m'madzi. Dzanja la Mzime linathamangira pakamwa, koma linafika mochedwa.

"Sindikukuopsezani," anatero Sajeni motsitsa mawu. "Ndikhoza kuyenda m'mabandi onse a m'tauni muno ndi chithunzi chanu, ndipo ndikupezani, koma zinditengera mpaka Lolemba. Pali bambo amene mkazi wake analowa m'chipinda chochirira dzulo masana. Mpaka pano sakudziwa ngati ali ndi mwana, kapena ngati ali ndi mkazi. Folo koloko ikakwana, agona pasimenti masiku ena atatu."

Mzime anayang'ana madzi ofiirawo. Kenako mawu anatuluka onse nthawi imodzi, ngati mpopi wothyoka.

"Lachiwiri ndi Loweruka. Ababa amadziwa kuti ndimapita kukaphunzira kompyuta. Ndinalitenga zaka zitatu zapitazo. Amayi anayamba kundiphunzitsa ali moyo, mobisa, ankati ndili ndi mpweya wawo. Atamwalira, ababa anatseka bokosi, ndipo ine ndinkamva ngati awakwirira kachiwiri. Ndinkati ndidzalibweza asanadziwe. Sabata yatha linandipulumuka pamasitepe, kukamwa kwake kunaphwanyika mbali imodzi. Lili kwa okonza, akuti milungu iwiri. Ndiye ababa akuti Lachisanu alitulutsa, alipukuta ndi manja awo. Sindinagone masiku anayi."

"Kenako munamva kuti wopenta wathamanga ndi thumba."

"Ndinangoona ngati khomo latseguka. Ndinkati sadzapezeka, nkhani idzazilala, ine n'kudzalibweza mwakachetechete ngati wina walitaya pageti. Za mkazi wake sindinkadziwa. Nditamva kuti amugwira kuchipatala ndinafuna kunena, koma pakamwa panakana."

Kumbuyo kwawo kunamveka ndodo ikukhudza simenti. A Choncho anali ataima pakhomo la khitchini, ndipo sizinkadziwika kuti afika nthawi yanji. Mzime anadzuka n'kugwada pomwepo, m'madzi ofiirawo.

"Ababa…"

Mkuluyo anavula magalasi. Maso awo ofooka ankayang'ana pamwamba pang'ono pa mutu wa mwana wawo.

"Zaka zitatu," anatero. "Ine ndikulondera bokosi lopanda kanthu, kulipatsa moni m'mawa uliwonse." Anavalanso magalasi. "Za lipenga ndi za ine ndi iwe, ndipo mwina wolakwa wamkulu pamenepo si iwe. Tidzakambirana. Koma pali munthu wagona m'chitokosi chifukwa cha pakamwa pako. Imeneyo sindingakukhululukire ine, si yanga. Nthawi ili bwanji, Sajeni?"

"Hafu fili yadutsa."

"Ndiye tikuimiranji? Alamu, nanunso kwerani. Muli ndi mawu oti mukabweze."

Sajeni sanayendetsepo galimoto ya boma ngati tsiku limenelo. Amalume anagwira chitseko ndi manja awiri, akutchula mayina a oyera mtima, pamene a Choncho, atakhala kutsogolo, ankangofunsa kuti, "Palibe njira yachidule?" Anafika bwana wamkulu atatulutsa kale makiyi m'thumba.

Mzime analankhula yekha, ataimirira, dzanja lili pambali. Anatchula malo a okonza zida zoimbira, ndipo bwanayo ataimba foni anamva kuti lipengalo lakhala kumeneko masiku asanu ndi atatu. Amalume anabweza mawu awo akuyang'ana nsapato. Bwana wamkulu anakanda kumutu, n'kuyang'ana Sajeni.

"Koma munthuyu anathawa ndithu."

"Anathamanga, bwana. Sainani apa."

A Choncho anakana kudandaula za lipenga, ponena kuti mwana sangabe cha mayi ake. Koma mlandu wonamiza apolisi unatsala, wa Mzime ndi wa amalume, ndipo mkuluyo sanapemphe kuti ufafanizidwe. Anangokhala pabenchi pambali pa mwana wawo pamene ankalemba, dzanja lawo lili paphewa pake. Sajeni podutsa anawamva akufunsa chapansipansi kuti, "Loweruka mumayamba nthawi yanji? Pali mipando?"

Wopenta atatulutsidwa, Mzime anasiya cholembera n'kumugwadira pakati pa ofesi, anthu onse akuona.

"Bambo, ndakulakwirani kwambiri. Ndinanama ndine."

Bamboyo anamuyang'ana, mkwiyo ndi changu zikulimbana pankhope pake. "Dzukani, achemwali. Zimenezo tidzakambirana ndikadzabwera kudzamaliza khonde. Panopa mukundichedwetsa. Foni yanga ili kuti?"

Anamupatsa. Chifukwa cha changu analakwitsa nambala kawiri. Ngakhale bwana wamkulu anaima makiyi ali m'manja. Foni inaitana, inaitana, kenako kunamveka mawu a mayi wachikulire, okwera mpaka aliyense anawamva. Wopentayo anamvetsera, maso ali tong'o, kenako anakhala pansi pasimenti pomwepo n'kuyamba kuseka misozi ikutsika.

"Wamkazi," anatero. "Wabadwa dzulo sikisi koloko. Onse ali bwino." Anamvetseranso, ndipo kuseka kunazilala. Anatseka foniyo ndi chikhatho n'kuyang'ana Sajeni. "Bwana, apongozi akuti ndisayerekeze kuponda kumeneko. Akuti mwamuna wosowa tsiku lobadwa mwana wake abwerere komwe anagona. Ine sandikhulupirira, ngakhale ndilumbire."

Sajeni anatola chipewa chake, chisangalalo chikumuthamanga m'thupi monse ngati wamwa tiyi wa masamba ambiri.

"Kwerani kutsogolo. Ndikawafotokozera ndekha."

Pakhomo la wodi ya amayi anapeza apongoziwo ataima ngati chipata, manja m'chiuno. Sajeni anavula chipewa, anapereka moni waulemu, n'kuyamba kufotokoza kuyambira pa penti yofiira. Asanafike n'komwe pa nkhani ya amalume, wopenta uja anali atazemba kale kunsi kwa mkono wa apongozi ake, ndipo kuchokera pabedi lakumapeto kunamveka mawu otopa a mkazi akuti, "Musamugwire ndi manja amenewo, kasambeni kaye."